Mkazi wa Pachifuwa pa Kalipentala

Mdzukulu wake ali wakhanda, kalipentala analonjeza mayi a kunyumba kwake kuti mkazi uja amuchotsa pachifuwa. Lero mdzukuluyo amapita yekha kusukulu, koma mkaziyo akadali pompo. N'chifukwa chake mayi a kunyumba anatseka grosale yawo dzuwa lili pamutu, n'kumukokera bamboyo kuchipatala cha khungu.

Anamugoneka pabedi, malaya atavula. Mayiwo anali atavala kale magalasi akuda amene namwino anawapatsa pakhomo, milomo atafinya ngati alawa mandimu.

Pachifuwa cha kalipentala panali nkhope ya mtsikana, yodindidwa ndi inki m'khungu. Masaya osalala, kadontho pansi pa diso lamanzere, kampata pakati pa mano akutsogolo. Ankaseka.

"Ameneyu," mayiwo analoza ndi chala. "Achoke lero."

"Lero sizitheka, mayi. Mubwera kangapo."

"Ndiye mtengo wonsewu ndi wa chiyani? Kankhope kokhakokha, thupi alibe. Chotserani."

Namwino anachotserako pang'ono, poona kuti akapanda kutero anthu a pamzere agona pabenchi. Kenaka anakoka makina a kuwala otchedwa leza, okhala ndi mkono wopindika ngati wa munthu.

"Mundiwotcha?" kalipentala anafunsa.

"Ayi, bambo. Si tochi iyi yoti ingoyaka osazima. Imasunga kuwala, kenaka n'kukuponya kamodzi, mwachangu kuposa kuphethira. Imapuma, n'kuponyanso. Inki ndi imene imamwa kuwalako, n'kusweka kukhala fumbi. Khungu silipeza mpata wopsa. Fumbilo thupi limasesa lokha pakapita masabata."

"Ngati kuyesa simbi ndi chala chamalovu," anatero mayiwo. "Ukachedwetsa chala, wapsa."

"Eyatu. Ena amaswera miyala ya mu impso mwa njira yomweyi."

"Mwala wanga ndi uyu. Swani."

Kalipentala anaphimba nkhopeyo ndi dzanja lake lazipsera. Anati wakhala naye kuyambira ali mnyamata. Anati sadya kanthu, salankhula, walakwa chiyani?

"Walakwa chiyani? Mwamva, anamwino? M'mawa uliwonse bambo awa amaima pagalasi, chifuwa pamtunda, kumufunsa kuti wadzuka bwanji. Ine ndili kumbuyo kwawoko ndi ndowa ya madzi awo osamba. Ine sandifunsa. Ana asanu ndawaberekera ine. Malaya a utuchi ndimachapa ine. Akadwala, usiku wonse ndimakhala maso ine. Uyu ntchito yake n'kuseka basi!"

Namwino anayang'ana bamboyo ndi diso loipa. Amuna otere anawaonapo ambiri pabedi limeneli, ena ndi mayina awiri pamkono umodzi. Chisoni chinatha. Anachotsa dzanja lija, anamuveka magalasi, n'kuloza makina pa tsitsi la mtsikanayo.

Thwa!

"Mayo!" Kalipentala anadumpha ngati wamenyedwa ndi mpira wa legeni. Pamene kuwala kunagunda panayera ngati pawazidwa ufa.

"Zikuwawa?" mayiwo anafunsa mokoma.

"Kwambiri, amake ana."

"Zili bwino. Pitirizani."

Thwa! Thwa! Thwa! Tsitsi lonse linayera mbuu. Kalipentala anasuzumira pachifuwa pake, misozi ili m'maso.

"Taonani, mwamumeretsa imvi!"

Apa mayiwo analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Namwino atazimitsa makina, iwo anavula magalasi kuti apukute misozi.

Namwino anaima chilili, maso ali pankhope ya mayiwo. Kadontho pansi pa diso lamanzere. Kampata pakati pa mano.

"Mayi... si inu awa?"

"Ndinali ine. Imani pomwepo, musapitirize," anatero akutenga chikwama. "Wakalamba tsopano, tafanana. Mawa bambo awa atipatse moni tonse awiri."