Fungo la Fodya wa Eni

"Mwayambiranso, eti?" anatero Esnat atanunkhiza malaya a mwamuna wake.

"Sindinasute, mayi a Chiso. Ndikulumbira," anayankha Kenson.

Sankanama. Chimuuzireni dokotala kuti mapapo ake atopa, Kenson anali asanakhudzeko ndudu. Chibaba chikamugwira, ankangokokako kavepi, kachitoliro kotulutsa nthunzi.

Koma sabata imeneyo mabwana a fakitale yawo ku Prospecton anakhwimitsa lamulo: wavepi ndi wandudu onse ndi osuta, azikasutira m'kashedi kamodzi kumpanda. Kashediko kanali kothina, utsi uli tolotolo. Kenson ankaima pakona, anzake akumupemerera utsi womwe ankauthawawo. Akapanda kupitako, chibaba chinkamulepheretsa kugwira ntchito pamakina.

"Fungoli ndi la anzanga," anafotokoza.

"Eish, bambo a Chiso, mukundiyesa mwana? Kachinthu kanuka kangokuphunzitsani kusuta pawiri."

Esnat anasolola kavepiko m'thumba la malayawo n'kukaponda ndi chidendene mpaka kuphwanyika. Tsiku la malipiro, loti Kenson n'kugula kena, linali kutali.

Mawa lake nthawi yopuma itakwana, miyendo inamutengera yokha Kenson kukashedi kuja. Anaima pakona yake chimanjamanja. Bheki, mnzake wapamakina, anamumvera chisoni n'kumutambasulira paketi ya ndudu.

"Thatha, mfowethu," anatero Bheki m'chiyankhulo chakwawo, kutanthauza kuti, "Tenga, m'bale wanga."

Kenson anayang'ana kumbali. Kenako anatenga.

Poweruka anatsuka m'kamwa, n'kuvala malaya ena. Atafika kunyumba, Esnat anamununkhiza, nkhope n'kuwala.

"Mwaona? Lero ndiye mwasiyadi."