Mandimu Anayi Pansi pa Matayala

"Kankha, Shobha, kankha!" anakuwa amuna anga, a Vitthal, atakhala pachiwongolero ngati nduna.

Ndinali nditaika kale mandimu anayi pansi pa matayala, poti galimoto yongogula kumene imayenera kuwaphwanya kuti tsoka lichoke. Koma galimoto yake iti? Chiphapha cha dizilo chimene anachita kukokera kuno ndi thirakitala, n'kuchiimika pamene ndimayanika tsabola.

Injini inakhosomola kamodzi, n'kundilavulira utsi wakuda pa sari yanga yopitira kukachisi, kenako zii. Nditatsamiza manja kumbuyo, buti inatseguka yokha. Munali khoswe wowola, mphutsi zili nyakanyaka.

"Ndichikonza ndekha chimenechi! Pofika chikondwerero cha Diwali tidzapita nacho kwa amayi ako."

"Amayi anga akulakwirani chiyani?"

Ndinagwira mpweya n'kukankhabe. Chinasuntha pang'ono. Matayala akuphwa aja anangopindikira pa mandimu ngati nsanza, osaphwanya ndi limodzi lomwe.

"Aphwanyika?" anafunsa, mutu uli pawindo. "Tsoka lachoka?"

Ndinawatola mandimu anga kuti ndikatsukire m'manja.

"Lichoka bwanji, bambo, litagwira chiwongolero?"