Bere Lomwe Linaikidwa pa Benchi

Izi simuzikhulupirira, ndikulumbira, koma werengani mpaka pansi. Ine sindinama, ondidziwa angakuuzeni. Sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa aphunzitsi ankandichedwetsa, koma nkhani ndimaigwira kuposa wailesi.

Panali munthu wina, mnyamata wooneka bwino zedi, amene ankanyamula chikwama cha mankhwala pa timu ya mpira ya m'dera lawo. Wosewera akagwa, iye ndiye ankathamangira m'bwalo ndi bandeji, botolo la madzi ndi mafuta otentha aja opaka pa minofu. Anthu ankamuitana kuti Adokotala, iye osakana.

Mkazi wake anabereka mwana woyamba, wamkazi. Pasanathe masiku ambiri bere lakumanzere linatupa, linalimba gwa, nsonga yake n'kung'ambika. Mwana akangoligwira, mayi ankaluma thaulo, misozi ili chuchuchu.

"Anesi anati ndiziyamwitsabe mbali zonse," anatero mkaziyo. "Anati ululu ukapitirira ndibwerere akandione."

"Anesi anuwo anaonapo munthu atabinya bondo? Ine ndimaona sabata iliyonse. Wovulala salowa m'bwalo, amakhala pa benchi. Lakumanzerelo lipume, lakumanjali lisewere lokha."

"Koma bambo a mwana..."

"Mukukayikira dokotala wa m'nyumba mwanu momwe?"

Adokotala anatsegula chikwama, anapaka mafuta aja pa bere, n'kulimanga ndi bandeji kuti kwi, ngati mwendo wothyoka.

"Zikuwotcha," anatero mkaziyo.

"Ndiye kuti mankhwala akugwira amenewo."

Mwana atamva fungo la mafutawo anayamba kukana ngakhale lakumanja lomwe. Akangoyamwa pang'ono, ankatembenuza mutu n'kuyamba kulira. Adokotala anati mwanayo ndi wamakani, azolowera. Mawa lake anawonjezera mafuta, anamangitsanso, n'kunyamuka kupita ku mpira. Kumeneko ankauza anzake kuti, "Aise, ine kwathu chipatala sitichidziwa, zonse ndimamaliza ndekha."

Pobwera anapeza mlamu wake, mkulu wa mkazi wakeyo, ali kuchipinda. Dzuwa likuswa mtengo panja, koma mkazi ali m'mabulangete awiri, akunjenjemera, mano akugundana. Mwana mawu atasasa ndi kulira, thewera lili louma chiyambire m'mawa. Mlamu uja anali atamasula bandeji. Bere linali litafiira, likutentha ngati simbi.

"Alamu, ichi n'chiyani? Mng'ono wanga mwamusandutsa bondo la goloboyi?"

"Ayi, kungoti mankhwalawa amayamba chonchi..."

"Khalani chete! Kapezeni galimoto msanga."

Kuchipatala anesi atangoona mizere ya bandeji pa berelo anagwira pakamwa.

"Wamanga ndani apa? Mkaka umafuna kutuluka, inu mwautsekera njira. Mukanachedwanso pang'ono tikanachita kung'amba kuti tichotse mafinya. Ndipo taonani mwanayu, madzi akumuthera m'thupi. Ndikufunsa, wamanga ndani?"

Adokotala anaima pakhomo, chikwama cha matewera m'manja. Munthu wolongolola uja, lilime linakana kudzuka.

"Ndinamanga ndekha, anesi," anatero mkaziyo ndi mawu apansipansi. "Iwowa anali ku mpira."

Ndiye anesi anamusambitsa chokweza, wodi yonse ikumva. "Mayi inu, sindinakuuzeni ine? Mumafuna kupha mwana? Makutuwo ndi okongoletsa mutu?" Amayi a pa mabedi ena ankasuzumira, ena akupukusa mitu. Mkaziyo ankangoti, "Pepani anesi, ndalakwa," thupi likunjenjemera. Mlamu anayang'ana Adokotala osaphethira, kudikira kuti atsegule pakamwa. Adokotala anayang'ana nsapato zawo.

Anesi atapsa mtima mokwanira anasambitsa berelo, anapereka mankhwala, n'kukhala pa bedi. Anamuonetsa kufinya mkaka pang'ono ndi dzanja kuti bere lifewe. Anamuonetsa kudikira mwana ayasamule kwambiri, agwire ndi pakuda pomwe osati kansonga kokha, chibwano chitagunda bere. Akamaliza kuyamwa, kuikapo kansalu konyowetsa m'madzi ozizira. Mwana anagwira. Mayi anatsinzina ndi ululu, kenako anapuma mpweya wautali. M'wodimo munangomveka kumeza kwa mwana.

Anawagoneka masiku angapo. Tsiku lotuluka, ali m'njira, mwamunayo anafunsa.

"Mayi a mwana, munanamiranji? Ndine ndinamanga."

"Akanakukalipirani pamaso pa anthu onse aja, simukanapondanso kuchipatala kuja ndi manyazi. Ine ndimafuna muzibwera kudzationa."

Mawu amenewo, abale anga, amamuwawa mwamunayo mpaka lero. Bola akanamutukwana. Panopa mkazi akamayamwitsa, iye ndi amene amaika pilo, amanyowetsa kansalu, amabweretsa madzi akumwa. Koma kwa anesi aja sanapitebe kukanena chilungamo. Akawaona pa sikelo ya mwana amabisala kuseri kwa ambulera.

Phunziro: Bere la mayi woyamwitsa likatupa kapena kupweteka, musalimange, musalipake zinthu zanuzanu, ndipo musaletse mwana kuyamwa. Likafiira, kapena mayi akayamba kutentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Amuna anzanga, ngati simukudziwa nenani kuti simukudziwa, ndipo mukalakwitsa musasiye mkazi akukalipiridwa m'malo mwanu. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi khanda m'nyumba.

Ndiye wina mu gulupu ya pabanja wayamba kale kufunsa kuti ndazidziwa bwanji zonsezi, akuti anandiona ndi maso ake. Chabwino. Amene munamuona akulira kuseri kwa thanki ya madzi kuchipatala kuja ndine. Chokhacho ndavomera. Zinazo musandifunse.