Boti Lofunda ndi Boti Lazitosi

"Taonani umve uwu, mayi a ana," anatero a Malole, akuloza boti loyandikana ndi lawo padoko, lomwe linali la mtundu womwewo. "Utoto wapsa ndi dzuwa, mipando yachita ming'alu, zitosi za mbalame paliponse. Anthu ena chuma sichiwakhala."

Lawo linali phee m'chinsalu chobiriwira chosokedwa mochita kuyeza, chogwira thupi ngati suti ya ukwati. Anachita kutuma telala kuti akaliyeze yekha n'kulifunditsa, iwo ali pa ulendo ndi malole awo. Chibwerereni anali asanalivundukule, poopa kuti chinsalucho chiwavuta kubwezera. Loweruka lililonse ankangobwera kudzachisisita n'kumamuseka mwini boti linalo.

Tsiku limeneli mayi anakakamira kuti akwere botilo basi.

"Paja munkati chinsalu n'chachabe. Muone nokha," anatero a Malole akumasula zingwe.

Boti linatuluka lili mbee, ngati langochoka kumene kogula. Koma kiyi anakana kulowa. Anamutembenuza, kumupemerera, kumupaka malovu, koma ayi ndithu.

Mayi anayenda pang'onopang'ono kupita ku boti lonyozedwa lija. Ananyowetsa mpango wawo n'kupukuta zitosi za m'mbali mwake. Panatuluka dzina lawo, lomwe amuna awo analembetsa ndi utoto wofiira tsiku logula.

"Bambo a ana," anaitana modekha, "tabwerani kuno mudzawerenge dzina la mkazi wa munthu waumve uja."