Mzere Wokhudza Kamodzi

"Ndiye mzerewo sudzabwereranso, aphunzitsi?" anafunsa Nagat, mtsikana wa pabenchi lakutsogolo.

Ndinali nditangojambula pabolodi mzere wokhota ngati mbale, ndi wina wowongoka woukhudza pa kadontho kamodzi. Pambali ndinalembapo samu yake: siini, chilembo chomwe kuno timalemba m'malo mwa x, ndi ka 2 pamwamba pake. M'mawa womwewo ndinali nditaperekeza mwana wanga Ramzi kusiteshoni ya sitima ya ku Tanta. Anadzaika mayi ake m'manda, n'kugona masiku atatu, n'kubwerera ku Kuwait. Tambula yake ya tiyi ndinaisiya patebulo yosatsuka.

"Ukakhudza wakhudza, mwana wanga. Peza kupendekeka kwake, usaufunse komwe ukupita."

"Koma munatiuza nokha kuti kanambala ka pamwamba pa chilembo cha siini kakakhala 3, osati 2, wokhotawo umatembenuka, n'kukakumananso kwina."

"Iwe Nagat, ukufuna kundilanda ntchito?"

Ana anaseka, belu linalira, onse n'kutuluka.

Ndinatsala ndekha m'fumbi la choko. Ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kufufuta ka 2 kaja, n'kulemba 3. Ndinajambulanso mizere iwiriyo, n'kumaitalikitsa pang'onopang'ono kuti ndione pokumanira pake.

Bolodi linandithera isanakumane.