Diresi Lakuda la Loweruka

"Mwakhoza bwino, mayi, koma mayeso a Chingerezi awa ndi a anthu ongosamukira kunja," anatero mkulu wolemba anamwino ntchito zakunja. "Kwa anamwino timafuna ovuta aja."

Namwinoyo anayang'ananso zotsatira zake. Amene anamusankhira mayesowo anali mnzake wa muwodi imodzi. "Achemwali, mukufuna kudzipha? Lembani osavutawa, onse ndi amodzi," ankatero akuyala naye mabedi.

"Ndiye ndikalembe enawo?" namwinoyo anafunsa mkulu uja.

"Malo anali amodzi, mayi. Tapatsa mnzanu wa muwodi mwanu momwemo. Iye analemba oyenera, Loweruka lakumapeto kwa mwezi."

Loweruka limenelo ankalikumbuka. Anagwira ntchito ya anthu awiri mpaka miyendo kutupa, kuti mnzakeyo akaike maliro a azakhali ake. Ngakhale diresi lakuda anachita kumubwereka.