Ndevu za Bambo

Moni, okondedwa. Tithokoze Mulungu kuti kwatichera, pakuti la mawa si lathu.

Mnyamata wometa anaima pambali pa bedi la m'chipatala, makina ometera ali m'manja. Bambo ake anali atagona chagada, ndevu zili nyankhalala ngati munda wosalimidwa. Chidwalireni sitiroko, nkhope za anthu zinkawasokonekera.

Anakumbuka benchi ya pashopu pake. Loweruka lililonse bambowo ankakhala pamenepo, chipewa chili pabondo, kudikira kuti mpando upezeke. Koma makasitomala sankatha, ndipo iye ankangoti, "Inu ndi apanyumba, mubwere mawa."

"Bambo, ndabwera kudzakumetani," anatero akuwayalira thaulo pachifuwa.

Bambowo anamuyang'ana mwaulemu, monga timayang'anira mlendo, nakankha thaulolo ndi dzanja lomwe linkagwirabe ntchito.

"Pepani achimwene, musavutike. Ine amandimeta ndi mwana wanga. Dzanja lake ndi lofewa, mwina kuposa lanu."

"Ndine amene, bambo. Ndine mwana wanu."

"Ayi, iyeyo ndi wotanganidwa," anayankha akumwetulira monyadira. "Anthu amachita kumulimbirana. Anati ndibwere mawa."

Mnyamatayo anayang'ana mayi ake, omwe anali atakhala kumiyendo kwa bedi. Iwo anangoweramitsa mutu, milomo ikutsata nyimbo ya kutchalitchi koma mawu osatuluka. Namwino anadza kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha.

Mnyamata uja anapinda thaulo lija, nakulunga chingwe cha makina pang'onopang'ono.

"Mukamuona," anatero bambowo kumbuyo kwake, "mumuuze asathamange. Ndidikira."

Ambuye akudalitseni, owerenga, ndipo akutseguleni maso wokhala pabenchi panu asananyamuke.